Za Komandanti ndi Magazi a Mkulu Wako

Twaibu mwana wanga,

Asalamu alaikumu. Kalatayi ukaitsegule lole ikadutsa pachipata cha Chiponde, osati pano pakhomo. Ukaiwerengera pano uyamba kundiyankha, ndipo iwe ukayamba kuyankha, ine mawu amandithawa. Ukudziwa kuti cholembera sindichitha. Akulemba ndi aphunzitsi a Zimba. Takhala pakhonde la sukulu ana ataweruka, ndipo ndawapempha kuti alembe monga ndikuyankhulira, asakonze. Iwo akuti mapepala alipo okwanira, bola ndisayambire pa kubadwa kwa agogo ako. Ndiyesetsa.

Mawa ukubwerera kwathu. Unachokako uli wamng'ono, ndiye usaganize kuti ukukudziwa. Ponda pomwe ena aponda kale. Njira yachidule ya kumunda kwathu, ija yodzera pamtengo wa mbawa, usaiyese, chifukwa pansi pali mabomba amene sanamve kuti nkhondo inatha. Chitsime chathu usamwe usanachikape kawiri. Mbewu ya chimanga amayi ako aimanga m'chitenje chofiira, ndi yodzala, si yokazinga, ngakhale njala ikupweteke bwanji. Ndipo swala usaitaye, ngakhale ukapeze mzikiti wopanda denga.

Koma si za izi ndavutitsira aphunzitsi. Sabata yatha, ukumata chubu cha njinga yako, unandifunsa osandiyang'ana kuti, "Atati, munthu wophedwa ndi anthu, mumamusambitsa?" Ndinangoti eya, n'kupita kukamanga mbuzi. Ndasambitsa maliro zaka zambiri, kwathu ndi kuno, ndipo anthu amandifunsa zambiri. Koma funso limenelo safunsa munthu amene alibe dzina mumtima. Dzinalo ndikulidziwa. Nanenso ndamva zomwe akunena obwera kuchokera kwathu, kuti Komandanti, amene analamulira midzi yathu ndi mfuti, wapereka mfuti yake, asilikali ake abalalika, ndipo akukhala kwa mkazi wake kutsidya kwa mtsinje, akulima fodya ngati munthu wamba. Ndamvanso kuti inu anyamata a pasiteji ya njinga mwapangana. Boma lati za nkhondo zisazengedwe, ndiye inu mwati muzenga nokha. Iye ndiye anapha mkulu wako Amidu. Sindikukana, Twaibu. Ndingokupempha undimvere mpaka ndimalize, ngakhale ndimayenda pang'onopang'ono.

Cholakwa changa choyamba ndinachichita tsiku lomwe Komandanti anafika m'mudzi. Anatisonkhanitsa tonse pabwalo, iye atakhala pampando umene anatenga kusukulu. Analamula kuti khomo lililonse lizipereka ufa. Ndinapereka. Anati timuombere m'manja. Ndinaomba, ndipo manja angawa ndi aakulu, amamveka. Atamva kuti ndine wa kumzikiti anati ndimuchitire duwa, pemphero lathu lija, kuti Mulungu amupatse moyo wautali. Ndinakweza manja, Twaibu, ndinamuchitira, anthu n'kuyankha amini. Anthu atayamba kuthawa, Amidu anabwera kwa ine nati, "Atati, tiyeni. Ku Malawi akulandira anthu." Ine ndinayang'ana munda. Chimanga chinali chitabereka bwino chaka chimenecho. Ndinati, "Tidikire chiume, ndi mwezi umodzi wokha." Chisanaume asilikali anabwera kudzatenga anyamata oti akawanyamulire katundu, ndipo Amidu anamutenga. Amene anabwerako anatiuza kuti tsiku lachitatu mapazi a Amidu anatupa, anagwa ndi katundu, ndipo Komandanti anamuwombera ndi dzanja lake kuti ena asaphunzire kugwa. Chimanga chija tinachisiya m'munda osathyola ngakhale chimodzi.

Ndakuuza zimenezi kuti munthu wamkulu akagwa, uziyang'ana bwino amene akufuula kwambiri kuti afe. Ambiri ndi ife amene tinamuombera m'manja. Ine ndemwe ndakhala ndikufuna kuti Komandanti afe, koma nditaufunsa mtima wanga mosanyengerera, ndinapeza kuti mbali ina ndikufuna afe munthu amene anandiona nditagwada. Iwe sunagwade, unali mwana. Usanyamule manyazi a akuluakulu n'kumawatcha mkwiyo wako.

Cholakwa chachiwiri ndinachichita kuno. Iwe unali kusukulu tsiku limenelo, ndipo unangomva za phokoso. Linali tsiku lolandira ufa ndi nandolo, tonse othawa nkhondo titandandalika pamzere. Mayi wina anakuwa n'kuloza munthu wina wotchedwa Jafali, amene kwathu ankayenda ndi asilikali kuwalozera makomo okhala ndi anyamata ndi atsikana. Anthu anamuzungulira. Wina anatembenukira kwa ine nati, "Che Bwanali, inu simunama. Ndi yemweyo?" Ndinati, "Ndi yemweyo." Sindinaname, analidi yemweyo. Mwala sindinatole. Ndinasenza thumba langa la ufa n'kumapita kunyumba, ndikumva zomwe zinkachitika kumbuyo kwanga, osacheuka. Apolisi pofika anapeza zatha.

Masana omwewo a Shehe anatuma uthenga kuti ndikasambitse. Ndinakana. Ndinati amusambitse agalu. Aphunzitsi akundiyang'ana, koma lembani momwemo, ndi mmene ndinanenera. A Shehe anabwera okha, ndi mwendo wawo wovuta uja, anakana mpando n'kukhala pansi.

Anati, "Che Bwanali, madzi a m'chitsime ndi anu?"

Ndinati ayi.

"Nanga sanda yomukulungira mugula ndinu?"

Ndinati ayi.

"Ndiye mukumumana chiyani chanu? Mlandu wake wapita kale kwa Woweruza, ndipo kumeneko safuna thandizo lanu. Kuno kwatsala thupi. Mukalisiya, tchimo si lanu nokha, ligwera mudzi wonse. Nyamukani, ine ndizikuthirirani madzi."

Ndinapita. Ntchito yathuyi uidziwe, mwana wanga, ngakhale sunafune kuiphunzira. Umakulunga dzanja ndi nsalu. Umayambira kumanja, kenako kumanzere, katatu. Madzi asakhale ozizira kwambiri kapena otentha. Umamutembenuza munthu pang'onopang'ono ngati akumva, ndipo maliseche ake suwavundukula. Ndipo pali lamulo lakuti wosambitsa sanena choipa chimene waona pathupi. Zimene ndinaona pa Jafali sindinawauze amayi ako, ndipo iwenso sindikuuza. Chokha chimene ndinganene n'chakuti manja anga anafunafuna kusiyana pakati pa iye ndi anthu abwino amene ndawasambitsa, ndipo sanakupeze. Ine ndinali nditayembekeza kuti mtima upepuka. Ndinatuluka m'nyumba muja Amidu akadali wakufa, ndipo pa akufa anga panali pataonjezeka mmodzi.

Ukumudziwa Sumani, uja amanyamula madengu a nsomba kumsika wa ku Mangochi. Inu anyamata mumamuseka kuti mutu wake suyenda bwino. Iye ndiye anayamba kumenya Jafali, ndi musi. Anali ndi chifukwa, mlongo wake anatengedwa chifukwa cha chala cha munthu ameneyo. Anali mnyamata wamphamvu ngati iwe, wanthabwala, wokonda mpira. Lero mkazi anamusiya, nkhuku sangazinge, ndipo Lachisanu amaima panja pa mzikiti pafupi ndi nsapato za anthu, salowa. Ndikapita kuboma akandiona amatula dengu, amandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Atate, maso aja munawatseka?" Ndimati ndinawatseka. Amathokoza. Tikakumananso amafunsa lomwelo. Palibe khoti limene linamuzenga Sumani. Twaibu, sindikufuna kuti udzaime pa nsapato za anthu.

Cholakwa chachitatu ndi chopusa, ndipo aphunzitsi ayamba kale kuseka chifukwa analipo. Chaka china tinali m'kanyumba ka tiyi pamsika, wailesi n'kunena kuti m'dziko lina lakutali, limene dzina lake lilime langa silitha, wolamulira wankhanza amugwetsa ndipo amupha. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaomba mpaka kutaya tiyi pa thalauza la aphunzitsi. Iwo anati, "Che Bwanali, wafa ndi wa kutali, koma wapsa ndine." Kenako mkangano unabuka wakuti kodi munthu wotere, akagwa, Mulungu amalola kuti aphedwe? A Shehe analipo. Wogulitsa tiyi anachepetsa wailesi kuti amve bwino.

Aphunzitsi anati, "Ife kutchalitchi kwathu timakangana tokha. Mkulu wa mpingo wathu amati boma linapatsidwa lupanga, ndipo lupanga si lokongoletsera. Ine ndimati amene anapereka moyo ndiye autenge."

A Shehe anati, "Aphunzitsi, inu ana akalakwa mumawakwapula, koma wopha midzi mukuti timupatse phala?"

Aphunzitsi anati, "Ndikakwapula wolakwika, mawa ndimapepesa. Inu mukapachika wolakwika, mukapepesa kwa ndani?"

A Shehe anaseka nati ameneyu akanakhala Msilamu akanawalanda ntchito. Kenako anasiya nthabwala. Anati, "Sindingabise, m'malamulo athu zilimo kuti moyo ulipire moyo. Koma pakhale woweruza, pakhale mboni zoona ndi maso, wolakwayo apatsidwe pakamwa. Ndipo magazi ali ndi eni ake, abale a wophedwayo. Iwo ndiwo amasankha: afe, kapena apereke chipepeso, kapena amasulidwe. Ndipo kumasula Mulungu anakuika pamwamba."

Ine mawu omalizawo ndinachita ngati sindinawamve. Ndinatola oyamba okha n'kupita nawo kunyumba. Kuyambira pamenepo ndinkayenda kufunsa aliyense wodziwa za Mulungu, osati kuti ndiphunzire, koma kuti ndipeze mmodzi wondiuza zomwe ndinkafuna. Kunabwera shehe wachinyamata wophunzira kunja. Ndinamufunsa. Anati munthu woononga dziko lonse mlandu wake ndi waukulu kuposa wa banja limodzi, ndipo akhoza kuphedwa. Mtima wanga unadumpha. Kenako anaonjeza kuti, "Koma ndi boma, bambo, osati inu." Ndinachokapo osatsanzika.

Ndinafika mpaka pofunsa wansembe. Amayi ako atagonekedwa kuchipatala ku Malindi, ndinakumana naye pakhonde, ine ndi kofia yanga, iye ndi mkanjo wake. Ndinamufotokozera zonse. Anati munthu wamoyo angathe kulapa, koma wakufa sangathe, ndiye tisamutsekere munthu khomo limene Mulungu sanatseke. Ndinapsa mtima. Ndinati, "Nanga mwana wanga anapatsidwa nthawi?" Iye anati, "Ayi. Sanapatsidwe." Sanaonjeze kanthu. Anangokhala nane pabenchi mpaka anamwino atandiitana. Munthu ameneyo sitipemphera limodzi, koma ndimamulemekeza chifukwa cha mawu amene sanaonjeze.

Ndiye tamvera bwino apa, Twaibu, chifukwa ndinayenda ulendo wonsewu m'malo mwako, usavutike kuubwereza. Anthu a Mulungu ndawafunsa, a mzikiti ndi a tchalitchi, okalamba ndi achinyamata. Pa chingwe cha boma amasiyana. Ena amati chilipo, ena amati chichotsedwe, ndipo adzakangana mpaka ine ndidzafe. Koma pa chikwanje cha mnyamata wobisalira munthu panjira ya kumunda, palibe ngakhale mmodzi anandilola. Ndinafunafuna, mwana wanga. Akanakhalapo ndikanamupeza.

Anzako akakuuza kuti ndiwe wamantha. Akakuuza kuti Amidu akukuyang'ana. Iwe Amidu ukumukumbukira pang'ono, ankakunyamula pakhosi popita kumtsinje, ndipo ankakupangira magalimoto a mawaya. Ine ndimamudziwa. Anali munthu woti mbuzi ikalowa m'munda amaitulutsa ndi mawu. Usamuike mawu m'kamwa amene sakanawanena.

Tsopano ndikuuze chimene ndachita, ndipo mwina m'menemo muli cholakwa chachinayi. Utandifunsa funso lija, ndinapita kwa a Shehe. Ndinawafunsa kuti, eni magazi akakhala angapo, wina akufuna imfa, wina ayi, zimatha bwanji? Anati mmodzi yekha akamasula, imfa yagwa, otsalawo sangaidzutsenso. Lachisanu lapitali, itatha swala, ndinapempha a Shehe ndi akulu awiri kuti atsalire. Ndinaimirira n'kunena kuti ine Bwanali, bambo wake wa Amidu, magazi a mwana wanga ndawamasula, sindifuna moyo wa Komandanti, ndipo wa m'nyumba mwanga asaufune. Mawu anatuluka movuta, ndinachita kubwereza kuti amve. Aphunzitsi, musalembe kuti ndamukhululukira, sindinanene choncho. Ndamasula magazi. Mtima ukubwera m'mbuyo pang'onopang'ono, ndipo mwina ndidzafa usanafike.

Cholakwacho n'chakuti amayi ako sindinawafunse. Ndinaopa kuti akalira ndibwerera m'mbuyo. Nditawauza anati, "Munamunyamula ndinu miyezi isanu ndi inayi? Chimanga munasankha nokha, lero magazi mwasankhanso nokha." Kuyambira tsiku limenelo sanandiyankhule. Chakudya amangoika n'kuchoka. Waona wekha mmene pakhomo pakhalira, ndipo umaganiza kuti n'chifukwa cha ulendo wako. Sakulakwa, Twaibu. Ndinawalanda chinthu chawo. Usakandiikire kumbuyo, usawatsutse. Ndikhulupirira kuti wawatsanzika bwino, wawalola akugwire kumutu ngakhale anzako akuona. Za ine ndi iwo ndikonza ndekha, ngakhale zinditengere mvula ziwiri. Ndinaona kuti kuli bwino mkazi wanga andikwiyire ali ndi mwana, kusiyana ndi kuti andisekerere alibe.

Ndiye udziwe pomwe waima. Ukakweza dzanja pa munthu ameneyo, sukubwezera mkulu wako, chifukwa palibenso chobwezera. Ukhala wapha munthu basi, ndipo ana ake adzakhala eni magazi, iwe n'kukhala amene akufunidwa. Anzako ukawauze momwemo. Ukanene kuti bambo anga anamasula pamaso pa mboni, ndipo ine sindingadutse pa mawu awo. Akafuna wotukwana, atukwane ine. Ndakalamba, sizindilowa.

Koma kwa Komandanti upite. Inde, ndikukutuma. Amene anabwerako kuulendo uja anali ndi mantha, ankayenda m'tchire losalidziwa, ndipo palibe anatha kundiuza pomwe Amidu anagwera. Anangoti panali mwala waukulu ndi kamtsinje kouma. Amene ankadziwa njira imeneyo ndi Komandanti. Akafa, malowo apita naye. Upite masana, dzuwa lili pamutu, ndi munthu wamkulu wa kumzikiti, m'manja mulibe kanthu. Ukampatse moni, moni si chibale. Usakadye kwake. Ukanene kuti, "Ndine mng'ono wake wa Amidu, mwana wa a Bwanali amene anakuchitirani duwa. Bambo anga amasula magazi. Akungofunsa malo." Akakana, kapena akati waiwala, usakweze mawu. Ubwerere, udzapitenso mwezi wina. Munthu wamoyo amatha kukumbukira.

Pansi pa chikwama chako, kunsi kwa malaya, ndaikamo nsalu yoyera. Usaiyale, usaifunde, ngakhale kuzizire. Ndi sanda ya mkulu wako. Ndinaigula chaka chomwe tinafika kuno, ndipo ndakhala ndikuibisa kudenga kuti amayi ako asaione. Akakulozera malo, usakumbe wekha. Utume uthenga ndi oyendetsa malole a pa Chiponde, onse amandidziwa. Ndidzabwera, ngakhale pa kaliyala ya njinga, ndipo ndikhulupirira kuti tsiku limenelo amayi ako adzakwera nane. Ndasambitsa ana a anthu, ndasambitsa alendo osadziwika dzina, ndasambitsa ngakhale Jafali. Wanga yekha ndi amene sindinamugwire. Kaya tikapeze mafupa angati, ndikufuna ndiwakulunge ndi manja angawa, ndiwayang'anitse ku Kibula, kumene timayang'ana popemphera, ndinene mawu amene ndanenera ena onse.

Aphunzitsi akuti dzanja latopa. Pita bwino, Che Twaibu, mwana wanga wotsala. Mulungu akuchingire kutsogolo ndi kumbuyo. Ukandipezere mkulu wako, ndipo iwe ubwere ndi manja oti ndingawagwire.

Ndine atati ako,
Bwanali